Msamuko wa Android wasiya foni zakale m'mbuyo

Anthu ena omwe amagula foni zakale pamsika amadabwa foni ikamayaka bwinobwino koma n'kumakana WhatsApp. Nthawi zambiri vuto silikhala batire kapena netiweki, koma kuti foniyo idatsalira pa msamuko omwe udachitika mkati mwa Android zaka zoposa 10 zapitazo.

Mapulogalamu a pafoni salankhula mwachindunji ndi makina a foniyo. Pakati pawo pamakhala pulogalamu ina yomwe imagwira ntchito ngati womasulira pamsonkhano. Kuyambira mu 2008, womasulirayu adali Dalvik, yemwe ankamasulira pomwepo pulogalamu ikamagwira ntchito, zomwe zinkachedwetsa foni komanso kudya batire.

Mu 2013, kampani ya Google idayamba kuyesa womasulira wina, ART, mu Android 4.4, ndipo Android 5.0 itatuluka mu 2014, Dalvik adapumitsidwa. ART ankamasuliratu pulogalamu yonse pa nthawi yoyiika mufoni kuti izitseguka msanga.

Komatu msamukowu udali ndi zokhoma. Mapulogalamu adayamba kudya malo ambiri ndipo ankachedwa kulowa mufoni, pomwe ena ankangodzitseka mpaka eni ake atawakonzanso. Google idachepetsa vutoli mu 2016 pomwe Android 7.0 idaphatikiza njira ziwirizi.

Kwa zaka zingapo, opanga mapulogalamu adali ndi chintchito choonetsetsa kuti katundu wawo akuyenda kwa Dalvik ndi kwa ART komwe. Palibe kampani yomwe ingasenze mtolo wotere mpaka kalekale. Mu Ogasiti 2023, Google idasiya kusamalira Google Play Services pa Android 4.4, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho WhatsApp idatseka khomo kwa foni zonse zosafika pa Android 5.0. Uku kudali kutsanzikana ndi foni za m'nthawi ya Dalvik.

Amene amalira kwambiri pa kusintha kotereku ndi banja lomwe lasonkha ndalama za mbewu n'kugula foni yotchipa kuti lizilankhulana ndi mwana ali ku Johannesburg. Malire amenewa amasuntha ndithu, kotero foni yomwe yapulumuka lero ikhoza kutsala mawa.

Wogula asakomedwe ndi kuwala kwa galasi. Ayambe watsegula Settings, apite pa About phone, aone nambala ya Android, kenaka ayese WhatsApp wogulitsa ali pomwepo. Paja safunsa adadya phula.