Masamba ali pamsewu, mpira uyambe liti?

Mawu otitsogolera: 2 Samueli 20:8-13, Deuteronomo 34:8, Yoswa 1:1-2

Kuno ku Rumphi, monganso m'madera ena onse a dziko lino, pamudzi pakagwa zovuta anyamata amathyola masamba n'kuwayala pamsewu. Palibe chikwangwani chimene chimalembedwa, koma aliyense amawerenga. Wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, wagalimoto amachepetsa liwiro ndi kutseka wailesi, wachipewa amavula. Ngakhale mlendo wochokera ku Mzuzu amene akupita ku Bolero, yemwe malemuyo sakumudziwa n'komwe, amapereka ulemu umenewu. Masambawo amanena chinthu chimodzi: pano pachoka munthu, musadutse ngati pafa nkhuku.

Masabata apitawa anyamata a timu ya mpira ya mudzi wina wa m'chigwa cha Henga anandipeza kunyumba madzulo. Mnzawo amene ankatchinga kumbuyo anamwalira pangozi ya njinga yamoto Lachitatu, ndipo mwambo woika m'manda unali Lachisanu. Loweruka lake timuyo imayenera kusewera ndime yomaliza ya chikho cha m'deralo. Okonza mpikisano anali atanena kale kuti timu imene isafike pabwalo, chikho ndi ndalama zipita kwa anzawo. Wamkulu wa anyamatawo anati: "Abusa, tagawanika. Ena akuti tikasewere, ndiko kumulemekeza mnzathuyu. Ena akuti tikhala ngati tavina pamanda. Titani?"

Funso limeneli silili kutali ndi khomo la aliyense wa ife, pakuti ana athu amakwera malole ndi maminibasi sabata ndi sabata kupita kokasewera. Mu Meyi 2023, kwa anansi athu ku Karonga, anthu 22, osewera ndi ochemerera, anatisiya galimoto imene anakwera pochokera kumpira itagubuduzika. Matimu akuluakulu olipira osewera awo, ngakhale matimu a mayiko, nawonso funsoli lawagwirapo pakhosi. Yankho langa ndi ili: mpira uyenera kubwerera, koma osati mtembo uli pamsewu, ndipo amene aloleze kuti ubwerere akhale anamfedwa, osati ndandanda wa masewero kapena thumba la ndalama.

Tiyeni titsegule Buku Lopatulika. Pa 2 Samueli 20 tikumva kuti Seba anaukira Mfumu Davide, ndipo asilikali anatumidwa kukamugwira. Pamwala waukulu wa ku Gibeoni, Yoabu anakumana ndi Amasa, amene Davide anamuika kukhala mkulu wa nkhondo m'malo mwake. Anamulonjera ngati mbale, n'kumugwira ndevu ngati akufuna kumupsompsona, kenaka anamubaya m'mimba. Amasa anagwa pakati pamsewu. Msilikali aliyense wofika pamalopo ankaima. Miyendo inkakana yokha kupitirira. Mnyamata wina wa Yoabu ataona kuti ulendo waima, anakokera mtembowo kuthengo, n'kuufunditsa chovala. Zitatero, gulu lonse linapitirira.

Taonani bwino, abale ndi alongo. Ntchito imene asilikaliwo ankathamangira inali yeniyeni, pakuti ufumu unali pachiopsezo. Koma chovala chija sichinafunditsidwe pofuna kulemekeza Amasa ayi. Chinafunditsidwa kuti anthu asaone, kuti chikumbumtima chisawaimitse. Ndipo magazi obisidwa saiwalika: Davide ali pafupi kufa anatchulabe dzina la Amasa kwa mwana wake Solomo (1 Mafumu 2:5).

Pa 6 Julaye 2017, tikukondwerera zaka 53 za ufulu wodzilamulira, khamu la anthu linasonkhana pazipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe kuti likaonere Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, anthu anakankhana, utsi wokhetsa misozi unaponyedwa, ndipo anthu asanu ndi atatu anafa mopondedwa. Asanu ndi awiri mwa iwo anali ana. Masana a tsiku lomwelo wezulo inalira ndipo mpira unaseweredwa. M'bwalo munali nthungululu pamene makolo ena anali pakhomo la chipatala ndi nyumba yachisoni kufunafuna ana awo.

Sindikufuna kuweruza mopupuluma amene anagamula tsiku limenelo. Alipo amene amati kubweza khamu lalikulu lokwiya likanakhala tsoka lachiwiri. Maganizo omwewo ndiwo anachititsa kuti mu 1985, pabwalo la Heysel ku Brussels, Juventus ndi Liverpool zisewere anthu 39 atafa. Ngati kusewera ndiyo njira yokhayo yopulumutsira miyoyo ina, tingamve. Koma tikatero tivomere poyera kuti tachita chinthu chowawa chifukwa chosowa kolowera, tisachitche chikondwerero. Ine mtima wanga sunakhazikike mpaka lero ndikakumbukira Lachinayi limenelo, pakuti ndimaona ngati tonse monga mtundu tinafunditsa chovala n'kupitirira.

Nkhani ina ndi ya mu Januwale 2010. Ambiri tikukumbukira chimwemwe cha pa 11 Januwale, pamene Flames, motsogozedwa ndi Kinnah Phiri, inathibula Algeria 3-0 ku Luanda m'chikho cha mayiko a mu Africa. Chimene ambiri tinaiwala n'chakuti masiku atatu m'mbuyo mwake, pa 8 Januwale, zigawenga zinawombera basi ya timu ya Togo ku Cabinda, m'dziko lomwelo la Angola. Anthu atatu anafa: woyendetsa basi, wothandizira mphunzitsi wa timu ndi mneneri wa timuyo. Boma la Togo linaitanitsa anyamata ake kuti abwerere kwawo akalire maliro. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linayankha ndi chilango: Togo isasewere m'mipikisano iwiri yotsatira, ati chifukwa boma linalowerera nkhani za mpira. Chilangocho chinachotsedwa patapita miyezi ingapo, dziko lapansi litadandaula. Lamulo limene lilanga namfedwa chifukwa chopita kumaliro a mbale wake, laiwala chimene linaikidwira. Ambuye wathu anaphunzitsa zomwezi za Sabata, kuti cholinga chake ndi kuthandiza munthu (Marko 2:27). Ngati zili choncho ndi tsiku lopatulika, nanga ndandanda wa mpira ndi chiyani?

Komatu wina asandimve ngati ndikunena kuti timu ikagweredwa tsoka, mabwalo atsekedwe mpaka kalekale. Chikhristu sichiphunzitsa zimenezo. Mose atamwalira, ana a Israyeli anamulira masiku 30 m'zidikha za Moabu. Masikuwo atakwana, Mulungu mwini anauza Yoswa kuti anyamuke awoloke Yordano. Kulira kunali ndi malo ake, ndipo kunyamuka kunali ndi malo akenso. Davide yemwe, mwana wake atamwalira, anadzuka pansi, anasamba, analowa m'nyumba ya Mulungu kukapembedza, kenaka anadya (2 Samueli 12:20). Mlaliki 3 akutikumbutsa kuti misozi ndi gule zonse zili ndi nyengo yake. Cholakwa ndi kuzithira mumphika umodzi.

Tikumbukirenso kuti mpira wa masiku ano ndi ntchito. Wosewera ali ndi mkazi ndi ana amene amadya thukuta lake. Pakhomo la bwalo la Rumphi tsiku la masewero mumapeza amayi ogulitsa mandasi ndi chinangwa, anyamata a kabaza, ogulitsa madzi ozizira. Mpira ukaima miyezi, m'nyumba zimenezi moto umazima. Ndipo kwa osewera otsala, kubwerera pabwalo nthawi zina ndiwo mankhwala a mtima.

Abale athu a ku Zambia, amene tagawana nawo malire cha ku Hewe ndi ku Nyika, anatisonyeza njira. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali imene inanyamula timu ya dzikolo kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa. Mwa iwo munali osewera 18, kuphatikizapo goloboyi Efford Chabala, komanso aphunzitsi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Ife amene tinkatsatira mpira wa ku Zambia pa wailesi, mayina amenewa tinkawadziwa ngati a ana a pamudzi pathu. Zambia sinathamangire pabwalo. Inalira, inaika ana ake pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, kenaka inasonkhanitsa timu ina pambuyo pa Kalusha Bwalya, amene anapulumuka chifukwa ankayenera kuchokera ku Netherlands payekha. Pa 4 Julaye, patatha pafupifupi masabata khumi, timu yatsopanoyo inagonjetsa Morocco 2-1 pabwalo lomwe lija, manda ali poteropo. Chaka chotsatira inafika m'ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia, kumene inagonja kwa Nigeria 2-1. Ndipo mu Febuluwale 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, anyamata a Zambia anayamba apita kugombe kukaika maluwa, kenaka anagonjetsa Ivory Coast pamapenate 8-7 n'kutenga chikho. Uwu sunali mpira wofunditsa mtembo. Unali mpira wa anthu amene anayamba alira.

Koma ngakhale m'nkhani yokomayi muli chenjezo. Mpira unabwerera patatha masabata khumi, pamene lipoti la boma la Gabon lofotokoza chimene chinagwetsa ndegeyo linatuluka mu 2003, patatha zaka khumi. Akazi amasiye ndi ana anadikira nthawi yonseyo. Ife ochemerera timachira msanga. Mayi wa malemu sachira ndi chigoli. Mphindi imodzi yokhala chete ndi kansalu kakuda pamkono ndi zabwino, koma zikathera pomwepo zimasanduka chovala chija cha pa Amasa. Yakobo 1:27 akuti chipembedzo chenicheni chimaonekera m'mene tisamalira amasiye m'masautso awo. Timu imene isewera m'dzina la mnzawo womwalira iyeneranso kudziwa ngati ana ake ali ndi fizi ndi ufa.

Makolo athu nkhaniyi anaikonza kalekale. Pamudzi pakagwa maliro khasu silipita kumunda. Koma anthu sakhala pasiwa mpaka mvula kutha. Akaika, akasesa, akuluakulu a banja ndi nyakwawa amaimirira, amathokoza anthu ndi kuwamasula kuti akagwire ntchito zawo. Palibe amene amadzimasula yekha, ndipo wamalonda sabwera kudzachotsa masamba pamsewu chifukwa akuchedwa kumsika. Amachotsa ndi eni maliro. Nzeru imeneyi ndi yokwanira kuyendetsa ngakhale ligi yaikulu. Amene amayendetsa mpira alembe m'malamulo awo kuti timu yoferedwa ipatsidwa masiku olira popanda kulandidwa mapointi kapena kulipitsidwa chindapusa. Asanaike tsiku latsopano afunse banja ndi osewera otsala, ndipo wosewera amene mtima wake sunakonzeke asakakamizidwe. Othandiza ndi ndalama nawonso adziwe kuti dzina lawo limakoma akamadikira kusiyana ndi akamakankha.

Timu ya mbali inayo ili ndi gawo lake. Mu Novembala 2016 ndege yonyamula timu ya Chapecoense ya ku Brazil inagwa ku Colombia, n'kupha anthu 71. Timu ya Atlético Nacional, imene imayenera kukumana nayo m'ndime yomaliza, inapempha yokha kuti chikho chiperekedwe kwa anzawo oferedwawo, ndipo chinaperekedwadi. Paulo pa Aroma 12:15 akufuna kuti chisoni cha mnzathu tichisenze ngati chathu. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Anatinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono anyamata aja ndinawafunsa funso limodzi: "Kodi mayi ake a mnzanuyu mwawafunsa?" Onse anawerama. Anali atakangana masiku awiri za chimene malemu akanafuna, koma palibe amene anaganiza zofunsa amoyo amene anamubala. Lachisanu madzulo, titabwera kumanda, tinakakhala pamphasa ndi banjalo. Mayiwo anayankhula motsitsa mawu. Anati: "Ana anga, mpirawo mwana wanga ankaukonda kuposa nsima, sindingakuletseni. Koma bwalo lanu lili kuseri kwa nyumbayi. Mawa ndimve anthu akukuwa chigoli dothi la pamanda lisanaume? Ndipatseni masabata awiri."

Okonza mpikisano poyamba anakana, ati mlendo wolemekezeka anali ataitanidwa kale. Chimene chinawatembenuza si ine ayi, koma anyamata a timu inayo, amene anatumiza mawu kuti chikho cha misozi sachifuna, ndipo nawonso safika pabwalo. Masewero anachitika patatha masabata awiri. Bambo ake a malemu ndiwo anamenya mpira woyamba. Anyamata athu anagonja 1-0, pakuti Mulungu sanalonjeze chikho kwa aliyense wochita bwino. Koma Loweruka lotsatira ndinawaona ali ndi makasu m'munda wa mayi aja, akupalira chigawo chimene mnzawo anasiya.

Owerenga okondedwa, si pampira pokha pamene timafunditsa chovala. Timatero kuntchito mnzathu akamwalira ife n'kuyamba kufunsa za mpando wake asanaikidwe. Timatero ngakhale kutchalitchi, tikamaumirira kuti mwambo wosonkhetsa ndalama uchitike pamene mkhristu mnzathu wagona pasiwa pafupi pomwepo. Yesu anadziwa kuti aukitsa Lazaro, komabe anayamba waima pamanda n'kukhetsa misozi (Yohane 11:35). Ife amene tili ndi chiyembekezo cha kuuka kwa akufa sitilira ngati osowa pogwira, n'chifukwa chake tingathe kubwerera kumunda, kuntchito ndi pabwalo. Koma chiyembekezo chomwecho chimatiphunzitsa kuti munthu ndi wamtengo wapatali kuposa chikho chilichonse, ndipo ayenera kuimiridwa.

Tipemphere: Atate wachifundo, tonthozani mabanja onse amene ana awo anachoka pakhomo kupita kumpira osabwereranso. Patsani nzeru amene ayendetsa masewero m'dziko lathu. Tiphunzitseni kuima pamene muyenera kuti tiime, ndi kunyamuka pamene mwatimasula. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.