Ma crayfish idyani komwe mwawagwira, musawakweze basi



Kuno ku Pretoria kwayamba kumveka nkhani yoti ma crayfish ndi geni yosafuna mpamba: ungotchera mono mu mtsinje madzulo, m'mawa ndowa yadzaza, ukagulitse kwa Matchaina kapena ku malesitilanti. Ena akufunsa ngati akupezeka mu Apies. Ena akuti atenge amoyo apite nawo kumudzi akawete pa damu. Maganizo anga ndi awa: ndi ndiwo yabwino ndithu, ndipo amene ali kumene amapezeka adye mmene angathere. Koma m'mitsinje ya mu Tshwane musagwiremo chodya, ndipo wamoyo asakwere basi ngakhale mmodzi.

Tiyambe tamvana kuti tikukamba chiyani, chifukwa dzinali limasokoneza. Munthu wa ku Cape Town akati crayfish kapena kreef, akunena za m'nyanja yamchere. Zimenezo zimafuna pemiti, amalola zinayi zokha pa tsiku, nyengo yake ndi ya masiku owerengeka, ndipo wogwira ndi pemiti yotereyo saloledwa kugulitsa. Zimene mumaziona pansi pa miyala m'timitsinje ta kuno ndi nkhanu wamba, zofanana ndi zakwathu zija. Crayfish wa m'madzi abwino ndi wina: thupi lalitali, mchira wokhala ndi nyama, ndi zopanira ziwiri kutsogolo. Kumtunda kuno kwa Africa kunalibe mtundu umenewu, onse anachita kubwera ndi anthu. Wofala kwathu kuno amatchedwa redclaw, kwawo ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea, ndipo wamphongo mumamudziwa ndi chigamba chofiira pa chopanira.

Redclaw amakonda madzi ofunda, kuzizira kwa June kwa ku Gauteng sakufuna. N'chifukwa chake muno mu Joni kumene anachuluka ndi kuchigwa cha Mpumalanga, makilomita opitirira 400 kuchokera kuno mukatsata msewu wa N4 mpaka ku Komatipoort. Anaoneka mu mtsinje wa Komati mu 2002 atathawa m'madamu owetera a ku Swaziland, kumene pano timati Eswatini, ndipo pofika 2016 anali atalowa mu mtsinje wa Crocodile, m'malire a Kruger. Ku Zambia nakonso nkhani yake ndi yomweyo: anathawa kwa oweta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, lero adzaza mu Kafue ndi m'nyanja ya Kariba.

Tsono wina akalimbikira kuti iye atchera mono wake konkuno, nkhanu ndi nkhanu basi, ayambe wayenda ndi mtsinjewo aone. Apies amayambira ku Fountains Valley, amadutsa pakati pa tauni mu ngalande ya simenti, nalandira chilichonse chimene mvula yakokolola m'misewu. Pafupi penipeni ndi Marabastad pomwe timaodapo katundu pali Daspoort, malo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi. Kumunsi kuli Rooiwal, amene kwa zaka zambiri wakhala akulephera ntchito mpaka anthu a ku Hammanskraal anauzidwa kuti madzi a pampopi asamwe. Ku Hammanskraal komweko kolera inapha anthu opitirira 20 mu 2023, ndipo ife amene tinaona kolera ikutenga anthu opitirira 1,700 kumudzi mu 2022 ndi 2023 sitifunika kuchita kuuzidwa kuti matendawo ndi otani. Hennops wa ku Centurion ndiye ndisanene, thovu lake ndi fungo lake zimadzinenera zokha.

Nkhanu ndi crayfish zimakhala pansi m'matope, zimadya zoola zonse zimene zatsikira pamenepo. Mudzati moto umapha zonse. Umapha tizilombo, inde, koma mankhwala a m'mafakitale ndi mafuta a galimoto amene alowa m'thupi mwa nyamayo saphikika. Komanso musanafike pa mphika mwalowa kale m'madzimo ndi miyendo yanu, mwagwira ndi manja, mwaika pa thebulo pomwe mwana akudyera buledi. Ambiri a ife tikadwala kuno geni imaima tsiku lomwelo, masiku a pa pasipoti akupitabe. Ndiwo ya ulere yotere ndi yodula kuposa mitu ya nkhuku ya mu butchala.

Kumene madzi ali abwinopo, ngati ku Siavonga kapena ku Kafue, kugwira kwake n'kosavuta. Mono wa waya wa mabowo ang'onoang'ono, pakamwa pake polowa mkati ngati mono wakwathu wa nsungwi, nyambo yake matumbo a nsomba kapena mutu wa nkhuku. Amayenda usiku, choncho mumatchera dzuwa likulowa, n'kukaonja mbandakucha. Funsani kaye eni dera za malamulo a usodzi wa pamalopo komanso za ng'ona, chifukwa madzi ofunda amene redclaw amakonda ndi omwenso ng'ona ndi likodzo zimakonda. Pogwira, gwirani pamsana kuseri kwa zopanira.

Pophika lamulo ndi limodzi: amene mwamupeza atafa kale, tayani. Nyama ya zamoyo za zigoba imaonongeka msanga kuposa ya chambo, ndipo fungo limabwera mochedwa, mimba itaona kale zakuda. Amoyowo atsukeni kangapo mpaka madzi ayere. Ikani madzi ambiri pa moto, mchere wokwanira, adikireni abwate kwambiri, kenako muponyemo. Akafiira thupi lonse asiyeni abwatebe mphindi zina khumi, nyama ya mu mchira iyere mpaka mkati. Zodya zosapsa bwino zisiyireni a m'mahotela. Mukatsanula, thyolani mchira, sendani chigoba, chotsani kamtsitsi kakuda ka pamsana, ndiko katumbo kake. Michirayo ikazingeni pang'ono ndi anyezi, adyo, tomato ndi kambuzi, osachedwetsa chifukwa imalimba ngati labala. Ine ndimaikonda yotendera nsinjiro, pambali pali mpunga wa Kilombero. Ndi nsima imayendanso, koma konzekerani kuti ana adandaula kuti ndiwo yachepa.

Kuchepako ndiye poyambira masamu a geni. Ndowa yodzaza mukaisenda mumatsala ndi mbale imodzi, chifukwa mbali yaikulu ndi mutu ndi chigoba. Basi imalipiritsa kulemera kwa katundu, ndiye kuti mukulipirira zigoba ndi ayisi. Ulendo wochoka pa Bosman kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi masiku awiri zinthu zikayenda bwino, ndipo tonse tikudziwa kuti pa boda zinthu siziyenda bwino kawirikawiri. Usipa wouma umapirira mzere wa pa Beitbridge, izi ayi. Mukafika nazo, mugulitsa kwa ndani? Amayi a ku Ndirande akuona koyamba, a Seventh Day sadya n'komwe za zigoba. Ogula enieni ndi ochepa, amadziwana, ndipo akaona kuti katundu wanu akufa m'manja, mtengo amatchula ndi iwo.

Kenako pali lamulo. Muno mu Joni redclaw ali pa mndandanda wa zamoyo zachilendo zoononga, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2004 limene amalitcha NEMBA. Kumuweta, kumugulitsa kapena kumusamutsa wamoyo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chachikulu pa lamulo limeneli chimafika R10 miliyoni kapena zaka 10 m'ndende. Kwathu nakonso, lamulo la za usodzi la 1997 silola kulowetsa zamoyo za m'madzi zachilendo popanda chilolezo. Mu May 2025 anthu anayi ochokera ku Zambia anagwidwa ku Malawi ndi makilogalamu 250 a redclaw amoyo. Kwa ife amene chuma chathu chonse ndi pasipoti yoyera, mlandu wa mtundu umenewu ndi kutseka geni ndi manja ako.

Koma tinene kuti mwadutsa bwinobwino, palibe wakufunsani. Apa ndiye pamene pandiopsa kwambiri ine. Redclaw amakhala moyo kunja kwa madzi masiku angapo bola pali chinyezi, amakwawa pamtunda, ndipo wamkazi mmodzi amanyamula mazira mazanamazana pansi pa mchira, n'kuswa kangapo pa chaka madzi akakhala ofunda. Sipafunika thumba lonse. Pafunika munthu mmodzi wotopa amene wasankha ofooka n'kuwakhuthulira pa mlatho. Akatero ku Mchinji, alowa mu Bua, mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana, ndipo Bua amathira m'nyanja ku Nkhotakota. Akatero ku Mwanza, ulendo wa ku Shire. Damu la kumudzi lija nalonso limasefukira mvula ikachuluka. Asodzi a ku Kafue ndi Kariba akulira nawo: nsomba ikakodwa mu ukonde usiku, m'mawa amaipeza itadyedwa mimba ndi maso, yosagulitsika, ukonde utasokonezeka. Akakhazikika mu mtsinje waukulu sachotsekanso. Ndiye taganizirani usipa, utaka ndi chambo, zimene ambiri a ife timanyamula kubwera nazo kuno n'kupeza ndalama yoodera zobwerera nazo.

Ena amati ali kale mu Zambezi, adzafika okha, bwanji ine ndisadyepo. Mwina adzafika kuchigwa cha Shire, koma kuti akwere mpaka kunyanja pali mathithi a Kapichira, Tedzani ndi Nkula panjira. Njira imene okha angaivutikire zaka zambiri, basi imaidutsa tsiku limodzi.

Amene mtima uli pa geni imeneyi aichitire m'dziko momwe muli ma crayfish kale, apite ku ofesi ya za usodzi ya komweko akafunse chilolezo, ndipo azigulitsa michira yophika kapena youmitsa mu firiji. Zigoba, mitu ndi mazira muziotcha kapena kukwirira kutali ndi madzi, ndipo madzi otsukira muzithira pouma, osati mu ngalande. Inu ma transporter ndi makondakitala, munthu akabwera ndi cooler box yomata ndi tepi n'kunena kuti ndi nsomba za abwana, muuzeni atsegule pomwepo musanalandire ndalama. Pa boda amene amafunsidwa ndi amene wanyamula, mwini katundu foni yake imakhala itazima.