Nkhani zenizeni zimatuluka tsiku lachitatu

Pa Tsiku la Anakubala lapitali, pa 15 Okutobala, sindinatumize ndalama pa foni monga ndakhala ndikuchitira zaka zonsezi. Ndinapempha tchuthi kuntchito, n'kulawirira ku Wenela kukakwera basi ya kwathu ku Ntcheu. Tinawoloka Shire pa Zalewa dzuwa litayamba kale kubaya, tinadutsa pa Chingeni ndi pa boma, ine n'kukatsikira pa Lizulu, paja msewu womwewo ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Ndinagula shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira, n'kukwera kabaza. Chitenje cha amayi chinali kale m'chikwama.

Ndinakhalako masiku asanu. Ndatchula dala chiwerengerochi chifukwa nkhani yanga yagona pamenepo.

Amene anakulira kumudzi amadziwa mmene mlendo amalandiridwira. Ana amakuchingamira n'kukulanda katundu, mphasa imayalidwa pakhonde, madzi akumwa amabwera, ndipo anthu amafika mmodzimmodzi kudzapereka moni. Zikatero pamabwera malonje. Iwe umafotokoza mmene wayendera ndi mmene wasiyira ana kutauni, eni mudzi nawo amanena zawo. Koma tatcherani khutu ku malonje a tsiku loyamba. "Kuno tiliko bwino, kaya inu. Chimfine chabe ndi dzuwali." Zathera pomwepo. Sikuti akukunamiza ayi. Ulemu wa kwathu sulola kusenzetsa mtolo wa mavuto munthu amene fumbi la m'njira likadali kumapazi. Ayambe wasamba, adye, agone.

Vuto ndi lakuti ambirife timabwerera malonje achiwiri asanafike. Timatulukira Loweruka masana, nkhuku yachikuda imagwidwa, timajambulitsa ndi agogo, ndipo Lamulungu m'mawa tili kale pa siteji kuopa kuchedwa kuntchito. Apo ayi, chotipititsa ndi maliro kapena chiliza, pamene pakhomo pamadzaza anthu ndipo mayi ako umangowaonera patali ali pakati pa amayi anzawo. Tikafika kutauni ndi thumba la ufa ndi mbatatesi, timauza a m'nyumba kuti kumudzi onse ali bwino. Timanena ndi mtima wonse, popeza n'zimene tinamva.

Tsiku lachiwiri linathera m'makomo. Kwa amalume, kwa azakhali, kwa amfumu, ndi m'mabanja atatu amene munagwa zovuta ine kulibe, kumene ndinayenera kukapepesa. Paliponse thobwa. Khomo silidumphidwa, ndipo amayi ndiwo ankandiuza loyambira ndi lotsirizira.

Tsiku lachitatu ndinasiya kukhala mlendo. Palibenso amene anandiyalira mphasa, nsima inabwera ndi mfutso wotendera monga amadyera masiku onse, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Okutobala ndi mwezi wososa ndi kuunga mizere, choncho m'mawa ndinapita kumunda ndi mlongo wanga. Chakumadzulo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndi amayi, kuswa mtedza wa mbewu. Ntchito imeneyi ili ndi ubwino wake: manja ali kalikiliki, maso ali pa lichero, ndiye mawu amatuluka okha popanda kuyang'anizana. Amayi ankasankha, wabwino uku, wonyala ndi wachuku uko. Patapita kanthawi ndinaona kuti ku mulu wa mbewu kukulowa mtedza wakuda, woola, umene mwana wazaka zisanu akanautaya. Awa ndi mayi amene kale ankatibweza ndi lichero lonse chifukwa cha njere imodzi yoipa.

Ndinati, "Amayi, uwutu ndi woola."

Anautola, anauyandikiza kumaso, anaufinya ndi zala. Kenako anati, "Mwanawe, maso angawa achita nkhungu. Chiyambire chaka chatha. Linali ili lokha, tsopano linali nalo layamba."

Ndinafunsa chimene sanandiuzire, chonsecho timayankhulana pa foni pafupifupi sabata iliyonse. Yankho lawo silichoka m'mutu mwanga. Foni ndi ya mdzukulu wawo. Ikalira, mwanayo amathamanga nayo kulikonse kumene ali, kaya ndi pa mjigo kaya ndi pa chigayo, ndipo amayankhula anthu ali tcheru, mwini foni ataima pompo kudikira. Pamenepo munthu wamkulu anganene bwanji kuti sakuona? Komanso, anatero iwo, mawu anga pa foni amamveka a munthu wofulumira.

Chitseko chitatseguka chotero, zina zinatsatira. Usiku womwewo mlongo wanga anandiuza kuti alamu anga, amene ali ku Joni, atha miyezi isanu ndi itatu osatumiza kanthu ndipo nambala yawo sikupezeka. M'mawa mwake amalume ananditengera kudimba kukandionetsa pamene malire athu akhala akusunthidwa, mzere umodzi chaka chilichonse, n'kundilozera chitsa chimene agogo anaika ngati chizindikiro. Anati ndichione ndi maso anga, chifukwa iwo sadzakhalapo mpaka kale.

Musaganize kuti tsiku lachitatu limabala madandaulo okhaokha. Usiku wachinayi tinakhala pamoto tikuotcha mbatata, ndipo amayi anayamba kufotokoza mmene anakumanirana ndi malemu bambo athu, mmene achibale awo anakanira poyamba, ndi mmene bambo anamangira nyumba yoyamba ija pachikamwini, udzu wake akumweta okha. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndili ndi imvi tsopano, koma nkhaniyi ndinali ndisanaimvepo. Anatchulanso maina a makolo athu kubwerera m'mbuyo mibadwo inayi, ndi kumene aliyense anagona. Ndinalemba pa kapepala ka lisiti kamene kanali m'thumba. Chinandiwawa n'chakuti ana anga ndinawasiya ku Blantyre chifukwa cha sukulu.

Ndikudziwa chimene ena anene: ulendo ndi ndalama. N'zoona. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa basi ndi wa katundu yense sunabwererenso pansi, ndipo munthu akawerengera thiransipoti yopita ndi yobwera amaona kuti kuli bwino ndalamayo aitumize pa Airtel Money kapena Mpamba ikathandize kugula feteleza. Sindikunyoza zimenezo. Ndalama za pa foni zapulumutsa mabanja ambiri, ndipo m'bale amene ali ku Cape Town kapena ku Leeds sangabwere mwezi ndi mwezi. Palinso manyazi amene sitiwatchula: kuopa kufika chimanjamanja, kuopa maso a abale amene amayesa kuti aliyense wa kutauni ali nazo. Ineyo manyazi amenewa anandisunga ku Blantyre zaka ziwiri, ndipo m'zaka zomwezo ndi mmene maso a amayi anayambira kuchita mdima.

Komabe pali chuma china chimene ambiri olembedwa ntchito tili nacho. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka tchuthi cholipidwa cha masiku 15 pa chaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, kutanthauza kuti pafupifupi tonse a m'tauni tili ndi kholo kapena gogo kumeneko. Pa masiku 15 aja, kumudzi timaperekako angati? Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mwambiwu ankalangiza nawo wolandira alendo kuti apirire. Sanatanthauze kuti mwana wobadwira pakhomopo azikamuka dzuwa likangotuluka.

Ndisananyamuke tinapita ndi amayi kuchipatala. Anatiuza kuti ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni. Takonza zopita ku Nkhoma, kumene kuli chipatala chodziwika pa matenda a maso, ndipo ndapempha kale masiku ena atatu kuti ndidzawaperekeze ndekha.

Tsiku lobwerera anandipatsira mtedza wina mwa umene tinaswa uja, ufa, ndi nkhuku yamoyo ya adzukulu awo. Anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mkuyu pamene amaima a kabaza, atandigwira pamkono njira yonse, chinthu chimene sanachitepo. Njinga italira anati, "Disembala ubwere nawo anawo. Ndidzakhala ndikuona, ndidzawasiyanitse nkhope."