Tinapita Kukaluka ku Shetland

Sitima yapamadzi yopita ku zilumba za Shetland imanyamuka padoko la Aberdeen, ku Scotland, chakumadzulo n'kukafika m'tauni ya Lerwick kutacha, patatha maola 12 kapena kuposerapo. Tsiku limene ife tinakwera sitimayi sizinavute kudziwa anzathu apaulendo. Aliyense anali atavala chipewa choluka yekha, ndipo ngakhale mitundu ya ulusi inali yosiyana, kalukidwe kake kanali kamodzi. Chaka chilichonse okonza mwambo wa Shetland Wool Week amasankha katswiri woti akonze kalukidwe ka chipewa chatsopano, kenaka amakatulutsa kuti obwera ku mwambowo alukiretu kwawo. Choncho munthu wa ku Canada akakumana ndi wa ku Japan pamakwerero a sitima, amayamba ayang'anana kumutu, moni n'kubwera pambuyo.

Gulu lathu linali la anthu 14, ambiri amayi, koma munalinso abambo awiri amene ankaluka mwaluso kuposa ena tonsefe. Wotitsogolera anali mayi wachikulire wobadwira pazilumba pomwepo. M'mawa tinkaphunzira kalukidwe, masana tinkayenda m'mbali mwa nyanja, ndipo madzulo tinkakhala pamodzi m'holo ya m'mudzi, aliyense ndi ulusi wake pamiyendo. Mwambowu unayamba mu 2010 ndipo umachitika chakumapeto kwa September. Tikudziwa kuti ulendo wotere si wa thumba la aliyense. Ifenso tinasunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo abale athu okhala ku Britain anawonjezerapo. Koma zimene tinabwerako nazo zikukhudza banja lililonse limene limagula kapena kugulitsa ntchito yamanja.

Usiku woyamba nyanja inatichotsa matama. Tinkaganiza kuti popeza tinakwerapo sitima pa nyanja yathu ya Malawi m'nyengo ya mwera, mafunde sangatiopse. Tinatulutsa zoluka zathu sitima ikugwedezeka, ndipo pasanathe theka la ola mseru unatigwira. Munthu akamayang'anitsitsa chinthu chimene chili m'manja, maso amauza ubongo kuti thupi lakhazikika, pamene m'kati mwa khutu mukumveka kuti likukwera ndi kutsika. Kusagwirizana kumeneku ndiko kumadzetsa chizungulire ndi nsanza... tikutanthauza kusanza kwenikweni, kopanda ulemu. Wotitsogolera anatilanda singano mwachikondi natiuza kuti tikagone chagada m'chipinda chathu, titseke maso, timwe madzi pang'onopang'ono, ndipo pobwerera tidzadye chakudya chopepuka, chopanda mafuta ambiri. Pobwerera tinamvera ndipo tinagona bwino.

Shetland ndi zilumba pafupifupi 100, koma zokhala anthu sizikwana 20, ndipo anthu ake onse alipo pafupifupi 23,000. Mitengo ndi yosowa, mphepo ndiye yosalekeza. Palibe malo amene atalikirana ndi nyanja kuposa makilomita 5. Tsiku lina tinayenda pakamtunda kamchenga kolumikiza chilumba chachikulu ndi kachilumba ka St Ninian's, madzi ali uku ndi uku. Tsiku lina tinakwera mpaka pansanja ya nyali yowongolera sitima ku Sumburgh Head, yomwe inamangidwa mu 1821. Kumeneko ndiye tinamvetsa chifukwa chake anthu akumeneko amakonda ubweya wa nkhosa. Chovala chaubweya chimasunga kutentha ngakhale chitanyowa pang'ono, pamene cha thonje chikanyowa chimazizira pathupi. Tinaphunzira kuvala zovala zopyapyala zingapo mosanjikiza, kuti tikatenthedwa pokwera chitunda tizivulako chimodzi.

Nkhosa za ku Shetland ndi zazing'ono koma zopirira. Madzi akaphwa zimatsikira pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja kukadya ndere. Ubweya wake ndi wofewa ndipo uli ndi mitundu yachibadwa yambiri: woyera, wotuwa, wofiirira, wakuda. Kale sankazimeta ndi sizasi ayi. Ankadikira nyengo imene ubweya umayamba kuthothoka wokha, n'kumauzula ndi zala, ntchito imene m'chilankhulo chawo amaitcha rooing. Ubweya wofewetsetsa, wa pakhosi, ankaupatula kuti apotere ulusi wa mashawelo. Tinakaona fakitale yopota ulusi ya Jamieson's ku Sandness, kumene ubweya umalowa wakuda ndi fumbi n'kutuluka uli mipukutu ya mitundu yosawerengeka.

Pa phunziro loyamba anatimanga lamba wachikopa m'chiuno. Lambayu ali ndi kapilo kolimba ka mabowo ambiri, ndipo nsonga ya singano imodzi imalowa pabowo kuti singanoyo iime yokha. Dzanja lamanja limatsala lopanda katundu, ntchito yake n'kungoponya ulusi. Amayi akale a ku Shetland ankaluka motere akuyenda, mtanga wa dothi lakuda losonkhera moto uli kumsana, amuna awo ali kunyanja kokapha nsomba. Mmodzi wa akatswiri akumeneko, mayi Hazel Tindall, anapambana mpikisano wa oluka mofulumira mu 2008 ataluka masitichi 262 m'mphindi zitatu. Ife tinatolapo nzeru yothandiza thanzi. Woluka wofinya singano mwamphamvu, wogwetsa khosi ndi wokweza mapewa ndi amene amadandaula dzanzi m'zala ndi kuwawa kwa msana. Mphunzitsi wathu ankatiimitsa pafupipafupi kuti titambasule zala, tipukuse mapewa, tiyang'ane patali pazenera kuti maso apume. Anatilangizanso kuti ulusi wakuda tizilukira masana, osati pakuwala kochepa.

Kalukidwe kotchuka kwambiri ndi ka Fair Isle, dzina la kachilumba kamene kali pakati pa Shetland ndi Orkney. Juzi yake imaoneka ya mitundu yambirimbiri, koma mumzere uliwonse mumayenda ulusi wa mitundu iwiri yokha. Ulusi umene sukuoneka kunja umadutsa m'kati, motero juziyo imakhala ngati ya nsalu ziwiri ndipo imafunda kwambiri. Inatchuka dziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 pamene mwana wa mfumu ya Britain, yemwe anadzakhala Edward VIII, anayamba kuivala pagulu. Tinawolokanso maulendo awiri kudzera pachilumba cha Yell kupita ku Unst, chilumba chokhala anthu chakumpoto kwenikweni kwa Britain. Kumeneko tinaona mashawelo opyapyala ngati ukonde wa kangaude, ena mwa iwo otha kudutsa m'kati mwa mphete yaukwati.

Manyazi athu anatigwira pa tsiku lachinayi, pamalo pamene oluka a m'mudzi ankagulitsa ntchito zawo. Tinanyamula juzi yokongola, titaona mtengo wake tinaibwezera msanga patebulo. Tinanong'onezana m'Chichewa kuti anthuwa akudyera alendo masuku pamutu, tikuyesa kuti palibe amene amva. Mawuwo sanawamve, koma nkhope zathu anaziwerenga. Wotitsogolera anabwera pafupi natifunsa kuti, "Chipewa mwavalachi munaluka masiku angati?" Tinayankha kuti madzulo a milungu iwiri. Iwo anaitana mayi amene analuka juziyo, amenenso anatiuza modekha kuti inawatengera maola oposa 100. Titachotsa mtengo wa ulusi n'kugawa zotsalazo ndi maolawo, tinapeza kuti pa ola limodzi mayiwo ankalandira ndalama zochepa kuposa zimene tinalipira pogula mbale imodzi ya supu masana omwewo. Tinasowa poyang'ana.

Mawa lake, ku nyumba yosungira mbiri ya Shetland Museum and Archives ku Lerwick, tinamva chifukwa chake funso lija linafunsidwa mwamphamvu chotero. M'zaka za m'ma 1800 amayi oluka sankalipidwa ndalama kawirikawiri. Ankapita ndi masokosi ndi mashawelo kwa mwini sitolo, iye n'kuwapatsa katundu wa m'sitolo mwakemo, makamaka tiyi ndi nsalu, pa mtengo umene iye mwini wakonza. Mayi wofuna chakudya cha ana ankayenera kusinthitsanso katunduyo kwa anansi, nthawi zambiri motaya. Mu 1872 boma linatumiza woweruza William Guthrie kukafufuza mchitidwewu, ndipo amayi ambiri anapereka umboni. Ngakhale malamulo anauletsa, unapitirirabe mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene asilikali amene anadzaza zilumbazo anayamba kugula zoluka kwa eni ake ndi ndalama pamanja.

Tinapitanso kukaona kanyumba ka miyala pafupi ndi Sumburgh komwe kunkakhala mayi Betty Mouat. Pa 30 January 1886 mayiwa, ali ndi zaka pafupifupi 60, anakwera ngalawa yotchedwa Columbine padoko la Grutness kupita ku Lerwick, atanyamula mtolo wa mashawelo awo ndi a anansi awo. Namondwe atauka, woyendetsa ngalawayo anagwera m'madzi. Antchito ake awiri anatsitsa bwato kuti akamupulumutse, koma sanamupeze, ndipo ngalawa ija inawathawa ndi mphepo. Mayi Mouat anatsala okha ndi botolo la mkaka ndi mabisiketi awiri. Anatengeka pa nyanja yozizira koopsa kwa masiku oposa 8 mpaka ngalawayo inakatsakamira pachilumba cha Lepsøy, ku Norway, kumene anthu akumeneko anawapulumutsa. Anabwerera kwawo, anapitiriza kuluka, ndipo anamwalira mu 1918 atapitirira zaka 90. Anzathu ambiri anachita chidwi ndi kulimba mtima kwawo. Ife maganizo athu anali pamtolo uja, ntchito ya miyezi yambiri ya amayi a mudzi wonse, imene munthu wachikulire anainyamula pa nyanja m'nyengo yachisanu kuti akaigulitse pa mtengo woikidwa ndi wina.

Tili m'sitima pobwerera tinakumbukira mayi wina wa mdera lathu amene amaluka mashawelo a makanda, timasokosi ndi majuzi a sukulu. Ndi kangati tamunenerera mpaka mtengo utatsala wa ulusi wokha, tikumuuza kuti pakaunjika juzi n'njotchipa? Iye amavomera chifukwa kunyumba kulibe ufa, ife n'kumapita tikudzitama kuti timadziwa kutsitsa mtengo. Timanenerera mlongo wathu woluka, koma m'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Kwa inu amene mumaluka kuti mugulitse, langizo lathu ndi lakuti muzikhala ndi kabuku. Lembani mtengo wa ulusi, ndalama ya minibasi yokagulira, ndi maola amene chinthucho chakutengerani. Ganizirani zimene munthu waganyu amalandira pa tsiku mdera lanu, ndipo ntchito ya manja anu isatsike kuposa pamenepo. Wofuna kukuodetsani apereke kaye ndalama ya ulusi. Kwa ife ogula, tisanayambe kunenerera tizifunsa kaye kuti, "Mayi, munaluka masiku angati?"

Luso limene sililipidwa bwino ana safuna kuliphunzira, ndipo ku Shetland nako anaziona. Mu 2010, chaka chomwe mwambo wa alendo uja unayamba, khonsolo ya zilumbazo inathetsa maphunziro a kuluka m'sukulu zapulaimale pofuna kupulumutsa ndalama. Anthu akumeneko sanangodandaula. Mu 2015 anayambitsa timagulu totchedwa ShetlandPeerieMakkers, dzina lotanthauza oluka aang'ono, mmene akuluakulu odzipereka amaphunzitsa ana kwaulere. Madzulo athu otsiriza m'holo muja, kamtsikana ka zaka mwina 9 kanaona kuti tagwetsa sitichi. Kanatenga singano zathu, kanaitola mwakachetechete, n'kutibwezera. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo ife tinaziona ndi maso.

Juzi ija sitinaigule chifukwa ndalama sizinakwane. Tinagula magolovesi kwa mayi omwewo, pa mtengo umene iwo ananena, osachotsapo kalikonse. Tinagulanso lamba wolukira mmodzi. Chibwerereni, Lamlungu lililonse masana timakhala pakhonde ndi ana asanu a m'dera lathu, atsikana atatu ndi anyamata awiri, ndipo mafoni amatsala m'nyumba. Ulusi wake ndi wosombola ku majuzi akale. Mphunzitsi wawo ndi mayi woluka mashawelo uja, ndipo makolo tinagwirizana kuti tizimulipira pa ola. Mzere woyamba wa ana onse unali wokhotakhota ndi wa mabowo, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mnyamata wamng'ono pa onse akuluka chipewa cha agogo ake, ndipo akuti chikhala chitatha June asanafike.