Asathyole loko pofuna kusuzumira zikalata

Alembi a m'maofesi, aphunzitsi ndi eni mashopu otayipa ndi kusindikiza zikalata akhala akudandaula kuti makompyuta awo aleka kuonetsa zamkati mwa zikalata pa kazenera kakumanja ka File Explorer. Kazeneraka, kamene kanabwera ndi Windows Vista mu 2007, kamathandiza munthu kusuzumira kalata asanaitsegule, ndipo wofufuza kalata imodzi pakati pa mazana amadziwa ubwino wake.

Chimene ambiri sakudziwa n'chakuti nthawi zambiri kompyutayo sinawonongeke ayi. Kuyambira pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft inatseka dala kazeneraka pa chikalata chilichonse chochokera pa intaneti, kuphatikizapo zambiri zobwera pa imelo. Windows imaika chizindikiro pa zikalata zoterezi, ndipo m'malo moonetsa zamkati imangochenjeza kuti chikalatacho chingathe kuwononga kompyuta.

Chifukwa chake n'chomveka. Zinadziwika kuti akathyali angathe kubisa msampha m'chikalata kotero kuti kungochisuzumira kokha, ngakhale osachitsegula, kompyuta imatumiza kwa iwo chidindo cha mawu achinsinsi a mwini wake. Ndi chidindocho angathe kulowa m'makompyuta a ofesi yonse, mmene muli malipiro a antchito, mayeso a ana ndi makalata a anthu.

N'zodandaulitsa tsono kuti ena, pofuna kuti ntchito iziyenda ngati kale, akuchotsa chitetezo chonsechi, pamene ena akulipira amisiri kuti afafanize zonse n'kuikamo Windows yatsopano. Kumeneku n'kuthyola loko wa nyumba chifukwa choti kiyi akuchedwetsa.

Njira yabwino ilipo, ndipo siifuna ndalama. Choyamba munthu aone ngati kazeneraka n'kotsegula podina mabatani a Alt ndi P pamodzi. Ngati chikalata chachokera kwa munthu wodziwika ndipo chimayembekezeka, adine batani lakumanja la mausi pa chikalatacho, asankhe Properties, kenaka achonge pa Unblock. Nthawi zina pamafunika kutuluka n'kulowanso mu Windows kuti zisinthe. Ngati ndi zikalata za PDF kapena Word zokha zimene zikukana, ngakhale zolembedwa pa kompyuta yomweyo, vuto limakhala pulogalamu yowerengera zikalatazo, ndipo kuikonza kapena kuiikanso n'kokwanira.

Koma chikalata chosadziwika kumene chachokera chisiyidwe chotseka, ngakhale dzina lake litakopa bwanji.

Mabwana m'maofesi ali ndi udindo pankhaniyi. Sibwino kukalipira mlembi kuti akuchedwa pamene palibe anamufotokozera za kusinthaku. Apatule nthawi yophunzitsa antchito awo, ndipo amisiri nawo azinena zoona m'malo modyera pa kusadziwa kwa makasitomala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kutaya mphindi imodzi pofunsa kumene chikalata chachokera n'kwabwino kusiyana n'kutaya zinsinsi za ofesi yonse.