Zaka 100 za Mtendere pa Zilumba za Åland

Pa 9 June chaka chilichonse, anthu a ku Åland amasonkhana m'tauni ya Mariehamn mbendera yawo ili petupetu. Amayenda mpaka pa chipilala cha Julius Sundblom, kenako n'kugawana chikondamoyo cha makolo awo pabwalo la tauni. Mu 2022 chikondwererochi chidaposa zaka zonse, pakuti zidakwana zaka 100 chikumaniraneni koyamba nyumba yawo ya malamulo. Tikuwayamikira ndi mtima wonse, chifukwa nkhani yawo ikadatha kutha ndi maliro.

Finland italandira ufulu kuchoka m'manja mwa Russia mu 1917, anthu a pa zilumbazi, amene chilankhulo chawo ndi Chiswidishi, adafuna kulowa pansi pa Sweden. Finland idakanitsitsa. Mu 1920 idatumizako asilikali ndi kumanga atsogoleri awiri, Sundblom ndi Carl Björkman. Mlandu udafika ku League of Nations, bungwe la maiko lomwe panthawiyo linali likadali lakhanda.

Chigamulo cha mu June 1921 sichidakondweretse a ku Åland: zilumba zidatsalira Finland. Koma oweruza sadawabweze chimanjamanja, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Ana aziphunzira m'Chiswidishi. Malo asamangogulidwa ndi obwera. Anthu azidzilamulira okha pa za kwawo. Mu October chaka chomwecho, maiko khumi adasaina pangano ku Geneva loti pa zilumbazi pasamangidwe malinga ankhondo ngakhale kukhazikapo asilikali. Sweden idavomera chigamulocho ngakhale idawawidwa mtima, chinthu chosowa pakati pa maiko, ndipo nayo iyenera kuomberedwa m'manja.

Ambiri amakumbukira League chifukwa cha kulephera kwake ku Manchuria mu 1931 ndi ku Ethiopia mu 1935, pamene idangoyang'ana amphamvu akupondereza ofooka. Manyazi amenewo ndi ake ndithu. Komabe si chilungamo kukwirira ntchito ya ku Åland pamodzi ndi zolepherazo.

Sundblom, yemwe adalowa m'ndende chifukwa chofuna Sweden, ndiye adakhala sipikala woyamba wa nyumba ya malamuloyo, Björkman n'kutsogolera boma la zilumbazi. Lero anthu pafupifupi 30,000 ali ndi aphungu awo 30, mbendera yawo kuyambira 1954 ndi masitampa awo kuyambira 1984, ndipo anyamata awo sakakamizidwa kulowa usilikali monga anzawo a ku Finland.