KAFUE IFUNA MAU OMVEKA BWINO

Aliyense amene anapitako ku msonkhano kapena ku phwando la nyimbo m'tauni ya Kafue adziwa bvuto limeneli. Zokuzira mau zilira koopsa, woyimba atsegula pakamwa koma mau ake samveka, ndipo okhala kumbuyo angoona manja a mlaliki akugwedezeka. Eni zipangizo amathamangira kugula masipika ena akulu. Kumeneko ndi kutaya ndalama cabe, cifukwa nthawi zambiri nthenda imakhala m'nthambo ndi mwa wosakaniza mau.

Kale, maikolofoni iliyonse inali ndi waya wace wopita ku mikisa, ndipo mawaya onsewo anali kumangidwa m'cingwe cimodzi cacikulu ndi colemera. Waya mmodzi akaduka mkati, kumpeza kunali kobvuta, ndiponso mau oyenda mtunda wautali anali kutola phokoso m'njira.

Tsopano kuli bokosi lochedwa digital stage box. Limaikidwa pafupi ndi oyimba. Mamaikolofoni amalowetsedwa m'menemo, ndipo bokosilo limasandutsa mau kukhala manambala onga a kompyuta. Manambalawo amayenda m'kanthambo kamodzi ka Cat5e kufika ku mikisa, ngakhale pa mtunda wa mamita 80. Bokosi la Behringer S16 limalandira mamaikolofoni 16, ndipo limagwira nchito ndi mikisa ya X32 imene inatuluka mu 2012. Wosakaniza mau akhoza kukhala pakati pa anthu ndi kumva zomwe iwo akumva.

Koma pali cenjezo. Bokosili ndi mikisa yace zidalira magetsi okhazikika. Ngakhale kuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ku Kafue Gorge, cilala ca 2024 cinasiya makomboni mumdima kwa maola ambiri tsiku lililonse. Magetsi akathima pang'ono cabe, mau onse amaduka kufikira makina atayakanso. Motero wogula bokosi ayenera kugulanso batire losunga magetsi.

Mtengo wa zonsezi ngwaukulu kwa mpingo umodzi kapena gulu limodzi la oyimba. Mutu umodzi susenza denga. Mipingo ya ku Shikoswe, Zambia Compound ndi Kafue Estates ingathe kusonkherana, kugula zipangizo pamodzi ndi kumabwerekana mwa dongosolo. Khonsolo nayo iganizire za zipangizo zobwereketsa pa misonkhano ya anthu onse.

Coposa zonse ndi kuphunzitsa anyamata ndi atsikana nchito yosakaniza mau. Makina abwino m'manja mwa munthu wosaphunzira amalira monga akale omwe. Dziko limene linabala Paul Ngozi ndi gulu la WITCH m'zaka za m'ma 1970 lili ndi oyimba aluso kufikira lero, ndipo ena a iwo ali m'makwaya a ku Kafue. Ayenera kumveka bwino kufikira ku mpando wotsiriza.